Funso: dotolo akamabaya singano ndi loboti ali chipinda china, amamva bwanji kuti yafika?

Mphatso_rad

Moni akuluakulu nonse. Pali chinthu chakhala chikundizunguza mutu nde ndati ndifunse kuno poti muno muli madotolo ndi ma injiniya omwe. Ine ndikuphunzira zojambula odwala, ndiye ndimaonerera kawirikawiri dotolo akamalowetsa singano yaitali ija m'chiwindi kapena m'mapapo kuti atape kanyama kokayeza khansa, uku akuyang'ana chithunzi cha CT kapena cha ultrasound. Chomwe ndaona nchoti sadalira maso okha ayi, pena amanena kuti yalowa chithunzi chisanabwere nkomwe, akuti amamva m'zala singano ikamaboola kachikopa kokuta chiwindi, imayamba yalimba kaye kenako nkufewa mwadzidzidzi.

Nde ndamva zoti kuli maloboti oti dotolo amakhala chipinda china, mwinanso mzinda wina, nkumayendetsa singano kapena katheta (kapaipi koonda kolowetsa m'mitsempha ya magazi) ndi kachogwirira, ndipo ena mwa malobotiwo akuti kachogwirirako kamabweza dzanja kuti munthu azimva zomwe chida chikukumana nazo mkatimo, zija amati haptic. Zimenezi zimatheka bwanji, ndipo zomwe amamvazo nzenizeni kapena nzopeka kompyuta? Komanso ngati chithunzi chikuonetsa kale pomwe singano ili, kumvako nkofunikadi kapena nkungokometsera makina kuti agulidwe? Chomwe chimandiopsa kwambiri nchakuti netiweki itachedwa ngakhale pang'ono singano ili pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi zingathe bwanji.

Injiniya_Chete

A Mphatso mwafunsa bwino, ndipo ndiyambire kumbuyo pang'ono chifukwa ambiri amaona ngati izi zabwera dzulodzuloli ndi makompyuta pomwe anaziyamba si madotolo nkomwe, ndi anthu ogwira zinthu za nyukiliya. Cha mu 1949 Raymond Goertz wa ku Argonne National Laboratory ku America anapanga manja achitsulo oti munthu aziima kuseri kwa khoma lochindikala nkumanyamula zinthu zotulutsa cheza choopsa. Manja amenewo analibe mota, mbali ziwirizo zinalumikizidwa ndi zingwe zachitsulo basi, ndiye chilichonse chomwe dzanja la mkati lagunda munthu wa kunja amachimva pompopompo. Atapanga a magetsi mu 1954 mpamene anachita kubwezeramo kumva kuja pogwiritsa ntchito mamota, ndipo vuto lomwe analimbana nalo nthawi imeneyo ndi lomweli tikulimbana nalo mpaka lero.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Dotolo akasuntha chogwirira masensa amawerenga kuti chasuntha motani, loboti ya pambali pa wodwala imasuntha singano chimodzimodzi, kenako sensa ina imayeza kuti mnofu ukukana ndi mphamvu yanji, uthengawo nkubwerera, timamota ta m'chogwirira nkukankha dzanja la dotolo. Ubwino wake mutha kuchepetsa mayendedwe, dzanja lisunthe masentimita 3 chida chisunthe 1, mutha kusefa kunjenjemera kwa manja, muthanso kukulitsa kamphamvu kakang'ono koti chala pachokha sichikanamva. Koma kuzunguliraku kumayenera kuchitika pafupifupi ka 1,000 pa sekondi iliyonse. Maso savuta kuwanamiza, zithunzi 30 pa sekondi amaona ngati chinthu chikuyenda bwinobwino, koma dzanja ayi, mukachepetsa liwiro chinthu cholimba ngati fupa chimamveka chofewa kapena chogwirira chimayamba kunjenjemera chokha. Cholinga chathu nchoti zikhale ngati munthu wogwira ndodo mumdima, amene amamva zomwe zili kunsonga kwa ndodo nkuiwala kuti m'manja muli ndodo.

Tsopano poti nzenizeni kapena ayi, apa mpomwe pagona nkhani. Mphamvu yomwe singano imakumana nayo si imodzi. Pali kudula kwa kunsonga, pali kukhulana kwa thunthu lonse la singano ndi mnofu womwe yadutsa kale, palinso kutamuka kwa mnofu usanabooke. Allison Okamura ndi anzake ali ku Johns Hopkins anazigawa bwino zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Sensa ikakhala kutsinde kwa singano, komwe nkosavuta kuyiika, imawerenga zonsezi zitaphatikizana, nde singano ikamapita mkati kukhulana kumakula mpaka kumaphimba kauthenga ka kunsonga komwe dotolo akukafuna. Kuika sensa kunsonga ndiye ntchito, tangoganizani singano yonenepa milimita imodzi kapena awiri, mkati mwake muyenera kukhala mphako yodutsa kanyama kapena mankhwala, komanso chidacho mwina nchotaya mukagwiritsa kamodzi kapena chiyenera kupirira kuphikidwa ndi nthunzi ya madigiri 134. Ambiri pano akuyesa kaulusi ka galasi kokhala ngati tsitsi, kakapindika kapena kufinyika kuwala kodutsamo kumasintha ndipo kompyuta imawerengera mphamvu kuchokera pamenepo.

Ku MRI ndiye kumavuta kawiri. Maginito a makina ojambulirawa ndi amphamvu kwambiri, a 1.5 kapena 3 tesla, mota wamba uli ndi chitsulo ndi maginito mkati ndiye umakokedwa komanso magetsi ake amadetsa chithunzi, pomwe kumeneko nkomwe loboti ikufunika zedi poti mphanga yomwe wodwala amagonamo ndi masentimita 60 mpaka 70 basi, mkono wa dotolo sufika bwino. Ndiye ena amayendetsa ndi mpweya, ngati MrBot ya Dan Stoianovici yobayira prostate, ena ndi timamota topanda maginito totchedwa piezo, ngati neuroArm ya ku Calgary ku Canada yomwe Garnette Sutherland anapanga ndi kampani yomwe inapanga mkono wa Canadarm wa m'mlengalenga uja, ndipo mu 2008 anachotsera nayo chotupa cha mu ubongo koyamba, iyo kumva kwa m'manja inali nako. Koma mpweya umafinyika, ukadutsa m'mapaipi aatali kuchokera kunja kwa chipinda zonse zimafika mochedwa komanso zofewa.

Sisita_wa_Cath

Ine ndiyankhe mbali ya chifukwa chake anthu akufuna kutuluka m'chipindamo, poti mwana wanga Mphatso nawe udzavala zomwe timavalazi. Wodwala amalandira cheza cha ekisire tsiku lake limodzi nkumapita, ife timaima pambali pa makinawo tsiku ndi tsiku kwa zaka. Epuloni ya mtovu, kuphatikiza kolala ya pakhosi ndi magalasi, zimakwana makilo 5 mpaka 7, uimirire nazo maola angapo utawerama pang'ono, funsani aliyense wakhalitsa mu cath lab, chipinda chomwe timalowetsera makatheta, za msana ndi khosi amve. Maso nawo amachita ng'ala msanga, nchifukwa chake mu 2011 bungwe la padziko lonse loona zoteteza anthu ku cheza la ICRP linatsitsa mlingo wololedwa wa cheza chofika m'diso kuchoka pa 150 mSv (muyeso wa cheza) kufika pa 20 mSv pachaka. Kutsitsa kotero sikunali kongofuna ayi, anaona kuti diso limaonongeka ndi cheza chochepa kuposa mmene ankaganizira.

Nde loboti ya CorPath ya kampani ya Corindus itavomerezedwa ku America mu 2012 yoikira ma stent, timapaipi ta waya totsegula njira, m'mitsempha ya mtima, chomwe chinakopa anthu chinali chimenechi, dotolo amakhala pansi kuseri kwa chotchinga osavala mtovu, ndipo kafukufuku wa PRECISE anapeza kuti cheza chomufika chinatsika ndi pafupifupi 95 peresenti. Koma m'manja munalibe kalikonse, ma joystick basi. Pomwe waya uja timalowetsa mumtsempha wa mtima ndi woonda kwambiri, 0.014 inchi, ndipo dotolo wozolowera amaupota pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, akamva kakulimba kachilendo amabweza msanga chifukwa mwina nsonga yalowa m'khoma la mtsempha m'malo modutsa pakati. Pa loboti amadikira aone pa sikirini waya ukupindika ndiye adziwe. Siemens Healthineers inagula Corindus mu 2019 koma mu 2023 inalengeza zosiya mbali ya mtima nkulimbikira za mitsempha ya mu ubongo, ndipo ine maganizo anga ndi oti madotolo ambiri a mtima sanafune kusinthanitsa zala zawo ndi mpando, makamaka pa mitsempha yotsekeka molimba.

Komano ndikuuzeninso china kuti musaone ngati dzanja limadziwa zonse. Katheta yootchera mkati mwa mtima kwa anthu omwe mtima wawo umagunda mosokonekera ndi yaitali kuposa mita, imakhota kangapo isanafike, ndiye zomwe dotolo amamva kunjaku nthawi zambiri nkukhulana kwa m'njira osati za kunsonga. Atabweretsa makatheta okhala ndi sensa kunsonga ngati TactiCath ndi SmartTouch anthu anadabwa kuona kuti pomwe amaganiza kuti akanikiza bwino pena anali asanakhudze nkomwe, pena anakanikiza moopsa. Pano nambala imaoneka pa sikirini m'magalamu, ambiri amafuna ikhale cha pa 10 mpaka 20, ukachepetsa chilonda chootchacho sichigwira, ukapyola kwambiri utha kuboola mtima. Apa sensa inaposa dzanja ndithu.

Dr_Mpeni

Ine ndisiyane nanu pang'ono achimwene a Injiniya, chifukwa nkhani ya haptic imakokomezedwa. Loboti ya da Vinci inavomerezedwa mu 2000 ndipo kwa zaka zoposa 20 inalibe kumva kwa m'manja, koma maopaleshoni mamiliyoni achitika nayo, a prostate, a chiberekero, a impso, a matumbo. Ubongo wa munthu umaphunzira. Ukagwira nayo nthawi yaitali umayamba kuona mphamvu ndi maso, mnofu ukayera pomwe wapana ndiye kuti wafinya magazi, ulusi ukawongoka mwamtundu wina ndiye kuti watsala pang'ono kuduka, mpaka ena amalumbira kuti akumva m'zala pomwe makinawo sakutumiza chilichonse. Odula ulusi ndi kung'amba mnofu kwambiri ndi ongoyamba kumene.

Inde loboti ya Senhance yokhala ndi kumvako inavomerezedwa ku America mu 2017, ndipo da Vinci 5 ya mu 2024 ili ndi zida zokhala ndi sensa pafupi ndi nsonga, eni ake, a kampani ya Intuitive, amati poyesa asanafike kwa odwala mphamvu yokanikiza mnofu inatsika mpaka ndi 43 peresenti. Sindikutsutsa. Koma kukanikiza pang'ono ndi kuchira bwino kwa wodwala ndi zinthu ziwiri, chachiwiricho nchomwe ine ndimafuna ndione ndisanauze chipatala kuti chigule zida zodula kwambiri zomwe zimathanso msanga. Ndipo kumva konama nkoipa kuposa kusamva, chifukwa ukadziwa kuti m'manja mulibe kanthu umasamala ndi maso, koma chogwirira chikakuuza kuti njira ndi yofewa pomwe sensa yasokonekera ndi kutentha kapena magazi oundana, umakankha ndi mtima wonse.

Mayi_Ogonetsa

Adokotala a Mpeni zonse mwanenazo nzoona koma mwayankha funso lina. Inu pa da Vinci muli ndi kamera mkati mwa mimba, mukuona mnofu weniweniwo, mtundu wake, kuya kwake, nthawi yomweyomweyo. Mwanayu akufunsa za ntchito zomwe nsonga ya chida siioneka ndi maso. Pa CT umakankha singano, nkuima, nkujambula, nkuona pomwe inali masekondi angapo apitawo, ndipo pakati pa chithunzi ichi ndi chotsatira wodwala wapuma, chiwindi chatsika ndi masentimita angapo nkubwerera. Pa ekisire yoonetsa zithunzi zoyenda mukuona mthunzi wafulati, waya ukuoneka koma khoma la mtsempha silioneka pokhapokha mutapopa mankhwala oonetsa, omwenso simungamangopopa chifukwa amalemetsa impso. Pa ultrasound singano ikangopatuka pang'ono pa mzere wa chithunzi nsonga yasowa, chomwe ukuona ngati nsonga chili pakati pa singano. M'mipata imeneyi chotsala ndi dzanja basi.

Tengani jakisoni wa pamsana amene timabaya amayi pobereka, epidural. Singano imadutsa khungu, mafuta, minyewa ya pakati pa mafupa, nkufika pa kamnyewa kolimba kotchedwa ligamentum flavum, chala changa chachikulu chili pa sirinji chikukankha pang'onopang'ono koma madzi akukana kutuluka, kenako nsonga ikangodutsa kamnyewako sirinji imangoti fwaa yokha. Pamenepo uyenera kuima nthawi yomweyo chifukwa mpata wake ndi mamilimita ochepa chabe, ukapitirira waboola chikopa chosunga madzi a mumsana ndipo mayiyo adzadwala mutu woopsa masiku angapo mwana ali m'manja. Ultrasound imandithandiza kudziwa polowera ndi kuya kwake, koma mphindi yoimayo imandiuza ndi chala. Loboti yoti idzagwire ntchito ngati imeneyi popanda kubweza kumva kumeneku, kapena kuima yokha ikazindikira kuti mphamvu yagwa, ine sindingaiyandikize kwa wodwala.

Komwe ndikugwirizana nanu nkwakuti sensa yonama njoopsa, nde chomwe ndingafunse opanga makinawa nchakuti sensa ikafa chogwirira chizidziwitsa poyera, chisamangopepuka mwakachetechete ngati njira yatseguka.

Injiniya_Chete

Mayi mwalasa, ndipo zomwe mwanena zoti makina aime okha zikutifikitsa pa funso lomaliza la a Mphatso la netiweki. Pa 7 September 2001 Jacques Marescaux ali ku New York anachotsa ndulu ya mayi wa zaka 68 yemwe anali ku Strasbourg ku France ndi loboti ya ZEUS, opaleshoni yomwe anaitcha Lindbergh. Kuchedwa kunali pafupifupi mamilisekondi 155, ndipo sanadutse pa intaneti wamba ayi, France Telecom inawapatsa njira yawoyawo ya faiba, zingwe za galasi zotumiza uthenga ndi kuwala. Zinatheka chifukwa chomwe chimabwerera kwa dotolo chinali chithunzi, ndipo munthu ndi maso amatha kuzolowera kuchedwa kotero, amangochepetsa liwiro la manja.

Mphamvu ndiye siilola zimenezo. Taganizani singano yagunda fupa, uthenga ukuchedwa, dzanja likupitabe kutsogolo chifukwa silinamve kanthu, loboti ikukanikiza kwambiri, kenako mphamvu yaikulu ija ikufika mochedwa nkukankha dzanja kumbuyo, loboti nayo nkubwerera, mphamvu nkusowa, dzanja nkugweranso kutsogolo, basi makina ayamba kudzigwedeza okha ndipo kugwedezako kumatha kumakula. Pogunda chinthu cholimba ngakhale mamilisekondi makumi ochepa amakwana kuyambitsa zimenezi. Ndipo kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti mtunda wa makilomita 1,000 kupita ndi kubwera wadya kale mamilisekondi 10 tisanawerengere ma router ndi kukonza chithunzi, palibe 5G yomwe ingachotse zimenezo. Choipitsitsa si kuchedwa kokha koma kusinthasintha kwake, pano 20 kenako 90.

Njira zothetsera kugwedezaku zilipo kuyambira kale, monga za ofufuza Anderson ndi Spong mu 1989, Niemeyer ndi Slotine mu 1991, koma zonse zimalipira ndi chinthu chimodzi, makina amakhazikika koma kumva kumafewa, fupa ndi mnofu zimayamba kufanana. Ena amapewa kukankha dzanja, mphamvu amaionetsa ndi mtundu pa sikirini kapena kakunjenjemera ndi kufinya khungu la chala, poti zimenezo sizisuntha chogwirira ndiye sizingayambitse kugwedeza. Ena amaika chifanizo cha mnofu mu kompyuta ya mbali ya dotolo, dzanja limamva chifanizocho nthawi yomweyo ndipo masensa a kutali amangochikonza uthenga ukafika, apa ndiye a Mphatso mawu anu oti zopeka kompyuta akuoneka oona ndithu, ngakhale nkupeka kotsamira pa muyeso. Za chitetezo lamulo ndi loti loboti ya pambali pa wodwala ikhale ndi malire akeake, mphamvu ikapyola mlingo kapena uthenga ukasiya kubwera iime osadikira dotolo.

Nchifukwa chake mtunda womwe haptic ikugwira bwino lero ndi wa mamita ochepa, kuseri kwa galasi la chipinda cha CT kapena MRI. Tejas Patel wa ku Ahmedabad ku India mu December 2018 anatsegula mitsempha ya mtima ya odwala 5 ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32 ndi CorPath GRX, zinayenda bwino, koma anayendera maso.

Mphatso_rad

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndatolapo zambiri. Nde ngati ndamva bwino zakutali kwenikweni zikuyendera maso, zomva m'manja zikadali za chipinda choyandikana. Nanga bwanji Siemens inasankha za mu ubongo, si komweko koopsa kwambiri kuyenda osamva?

Sisita_wa_Cath

Nkoopsadi mwana wanga, mitsempha ya mu ubongo ndi yopyapyala kuposa ya mtima ndipo ikabooka magazi alibe kothawira. Koma chikuwakoka ndi sitiroko. Kuyambira 2015 kafukufuku angapo, woyamba MR CLEAN wa ku Netherlands, anaonetsa kuti kukoka magazi oundana otseka mtsempha waukulu wa mu ubongo ndi katheta kumapulumutsa anthu ambiri ku kulumala, koma zimafuna changu ndipo madotolo odziwa ntchitoyi ndi ochepa, amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Wodwala amatha maola ali mu ambulansi ubongo ukufa. Ndiye maganizo ndi oti loboti ikhale pa chipatala chaching'ono katswiri aiyendetse ali kutali. Vitor Mendes Pereira ku Toronto anagwiritsa kale ntchito CorPath GRX pa mtsempha wotupa wa mu ubongo mu 2019, ngakhale iye anali pompo pafupi ndi wodwala.

Chomwe anthu amaiwala nchakuti loboti siiboola mtsempha wa pa ntchafu kapena pa mkono yokha, siisintha waya yokha, siichotsa mpweya m'mapaipi, siiyang'ana kupuma kwa wodwala. Pafunika munthu wovala mtovu womwe uja pambali pa bedi, ndipo akhale woti mtsempha ukabooka kapena netiweki ikaduka katheta ili mkati mwa mutu atha kuchotsa zida mu loboti nkumaliza ndi manja kapena kuletsa magazi. Kwa Patel kuja m'chipinda munali dotolo wina wa mtima wokonzeka kulowererapo.

Dr_Mpeni

Mayi Ogonetsa ndavomera, pa singano ndi waya nkhani ndi ina, kamera yathu kumeneko kulibe. Pomwe ine ndikuona phindu lomwe palibe watchula ndi pophunzitsa. Lero ndikauza wophunzira kuti kanikiza pang'ono ndilibe njira yomuonetsera kuti pang'ono ndi bwanji, ndimagwira dzanja lake nkumayembekeza kuti amva. Chida chokhala ndi sensa chimalemba mphamvu yonse sekondi ndi sekondi, mutha kuika mzere wa katswiri pambali pa wa wophunzira nkuona pomwe anapyola, muthanso kulumikiza zogwirira ziwiri kuti wophunzira amve m'manja mwake zomwe mphunzitsi akumva singano ikamaboola kachikopa ka chiwindi kapena kamnyewa ka pamsana kaja. A Injiniya, zogwirira ziwiri pa loboti imodzi m'chipinda chomwecho, kugwedeza munanena kuja kumabweranso kapena poti palibe mtunda zimakhazikika?